Khadi la Amuna Anga

Amuna anga aweruza nkhonya zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo pazaka zonsezi panalibe munthu anabwerapo kudzanditukwanira ntchito yawo. Woyamba anali mayi ake a Singano. Analowa m'shopu yanga ya utelala Lolemba m'mawa osaodira n'komwe, n'kuponya patebulo kabudula amene ndinasokera mwana wawo ndi manja angawa.

"Tengani," anatero. "Mukagulitse, muwonjezere pa zimene amuna anu alandira."

Ine pakamwa sindichedwa, anthu amandidziwa. Koma tsiku limenelo ndinangoti maso tong'o pa kabudulayo, wobiriwira, timadontho ta magazi tikadali m'chiuno mwake. Pomwe ndinkati ndiyankhe, mayiwo anali atatuluka kale.

Nkhani yake inali iyi. Dzulo lake masana, mu holo ya masewero, Singano anamenyana ndi Nyundo, mwini lamba wa ukatswiri, maraundi khumi ndi awiri. Ine kumeneko sindipitako, phokoso limandiwawitsa mutu, koma kaweruzidwe kake ndimakadziwa ngati nyimbo, poti amuna anga amaphunzitsa ngakhale mphaka akangowatchera khutu. Majaji amakhala atatu, aliyense mbali yake ya bwalo. Raundi ikatha, amene wachita bwino amam'patsa mapointi khumi, mnzakeyo asanu ndi anayi, ndipo ngati anagwetsedwa pansi, asanu ndi atatu. Jaji amalemba pakhadi n'kupereka pompo. Chimene walemba walemba, ngakhale alire bwanji sangachifufute.

Jaji woyamba, mayi wina wake wamagalasi, anapatsa Singano, 116 kwa 112. Wachiwiri anapatsa Nyundo, 115 kwa 113, koma ameneyo anthu sanam'dabwe, amadziwika kuti amakonda munthu wopita kutsogolo ngakhale akupita kukalandira zibakera. Wachitatu anali amuna anga: 117 kwa 111, Nyundo. Ndiye kuti pa maraundi onse aja, Singano anam'patsa atatu okha. Akuti holo yonse inaimirira, mabotolo ali mlengalenga, apolisi n'kuwatulutsira amuna anga khomo lakuseri. Bungwe la nkhonya linawaitana kuti akafotokoze Lachisanu.

Ndinatseka shopu msanga n'kuwapeza atakhala pabalaza, wailesi atazimitsa.

"Inu," ndinatero, chikwama chikadali paphewa. "Akupatsani kapena sanakupatseni?"

"Mayi, zaka makumi atatu ndi chimodzi tili nyumba imodzi, lero mukundifunsa zimenezo?"

"Funso salibweza ndi funso. Akupatsani?"

"Ndinalemba zimene… zimene zinachitika m'bwalomo."

Munthu uyu mawu ake ndi amodzi chikwatiranire: jaji amalemba zimene waona. Amanena akudya, amanena akumeta ndevu, ana athu anakula akuwaseka nawo mawu amenewo. Lero awasiya pati? Ndinawayang'ana, iwo n'kuyang'ana kukhoma.

Munthu ukayamba kukayika, chilichonse chimasanduka umboni. Ndinakumbukira kuti njinga yawo yakhala ili kuseri kwa nyumba miyezi ingapo, matayala ataphwa, eni ake akuyenda pa takisi ngati bwana. Bondo, ankatero. Bondo lanji losatsimphina? Ndinakumbukira kuti masabata awiri apitawo anatsika pakhomo pano m'galimoto ya mkulu wokonza masewero, yemwe amadyera pa Nyundo, ndipo mkuluyo anachita kutuluka n'kuwatsegulira chitseko. Nthawi imeneyo ndinanyadira, chitsiru ine. Ndinakumbukiranso kuti jekete yawo ya buluu, imene amavala poweruza, anasiya kundipatsa kuti ndichape. Ankaisita okha, moipa, makola awiri pamkono umodzi.

Lachiwiri makasitomala awiri anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Wina ananamizira kuti ukwati walephereka. Wina sananamizire n'komwe. Pamsewu, oyendetsa takisi amene amaima pafupi ndi shopu anayamba kukuwa "117!" ndikamadutsa, ngati ndi dzina langa la ubatizo. Ndinam'yankha mmodzi mawu amene sindingawabwereze pano, koma nditalowa m'shopu ndinalira. Sindinalirire makasitomala. Ndinkalira chifukwa sindinkadziwanso kuti ndakhala ndikuphikira ndani zaka zonsezi.

Lachitatu m'mawa, iwo ali kubafa, ndinapisa m'jekete muja. Ndinkayembekeza envulopu yonenepa. Ndinapeza pepala lopindapinda, lofewa chifukwa chogwiridwagwiridwa, lolembedwa ndi cholembera chakuda chachikulu. Pamwamba chilembo chimodzi, pansi pake ziwiri, kenako zitatu, mpaka mizere isanu ndi itatu. Panalibe liwu ngakhale limodzi lomveka. Ndinati basi, awa ndiwo malembo achinsinsi a anthu akuba, mayina a amene alipira ndi amene sanalipire. Ndinalilowetsa m'chikwama.

Ichi n'chiyani nkulinga muli awiri. Ndinapita kwa a Refa, amene anaimbira nkhonya ija, mnzawo wa amuna anga kuyambira ali anyamata. Masana amakhala ku jimu ina pamwamba pa sitolo ya zitsulo, chipinda chonunkha thukuta ndi mafuta opaka, matumba omenya atapachikika kudenga. Ndinawapeza akumata golovesi yong'ambika.

"Alamu!" anatero. "Mwabwera kudzaphunzira nkhonya pa ukalamba? Mkuluyo wakulakwirani chiyani?"

"Zoseka ayi lero, alamu. Ichi n'chiyani?"

Analandira pepalalo, kuliyang'ana kamodzi, nkhope n'kusintha. Analipinda mofulumira n'kundibwezera.

"Sindikudziwa."

"Mukudziwa. Mwina dzina lanu lilinso pompo."

"Ha! Mpaka ine?"

"Masiku ano ndikukayikira ngakhale mthunzi wanga. Inu munali m'bwalomo, munaona zonse. Ndiuzeni, Singano anagonja?"

A Refa anapuma mwamphamvu, n'kukoka mpando. "Khalani apa muone nokha."

Pakona panali TV yakale imene anyamata amaonerapo ndewu zawo. Anaika kanema wa Lamlungu lija, mawu atazimitsa, n'kumandilozera ndi chala. Nyundo ndi chimunthu chotambalala, chimaponya mkono wonse kuchokera kutali ngati chikuwaza nkhuni. Koma taonani pamene zikufikira, anatero a Refa. Ndinayang'ana. Zinkafikira pa magolovesi a Singano, pa zigongono, pa mapewa. Singano anali atadzitsekera ngati kamba, ndipo Nyundo akangotsegula kukhwapa, kankhonya kakafupi kankalowa m'nthiti kapena pachibwano, n'kubwerera musanaphethire.

"Yofikira pa golovesi siwerengedwa," anatero. "Timawerenga yofika pathupi, yoyera. Ndiye kenako timaona amene akulamulira bwalo, ndi amene akudziteteza bwino. Kuthamangitsa mnzako popanda kum'peza ndi kutopa chabe."

Tinaonera maraundi asanu. Ine telala ndinapatsa Singano anayi.

Mnyamata wina wa pa jimupo anadutsa n'kukweza mawu a TV ija, ndipo nthawi yomweyo chikwama changa chinagwa pamiyendo, kabotolo ka mabatani n'kutseguka. Mabatani mbwee pansi ponse. Ndinagwada n'kuyamba kutola, msana nditalozetsa ku TV, ndipo raundi yachisanu ndi chimodzi yonse ndinaimva ndi makutu okha. Phwa! Phwa! Phwa! Chilichonse chikalira, gulu la Nyundo linkakuwa ngati denga ligwa. Ndinati mumtima, mayo, mwana wa eni ake akufa. Belu litalira ndinadzutsa mutu. Singano ankabwerera kukona kwake akuyenda bwinobwino, nkhope yosalala. Amene ankapumira m'mwamba, atagwira nthiti, anali Nyundo.

"Alamu," ndinatero ndikadali chogwada, "zimene zimalira chonchija ndi ziti?"

"Chikopa pa chikopa. Golovesi ikamenya golovesi inzake imalira ngati mfuti. Ya m'nthiti silira, imangoti didi, woimva ndi mwini nthiti yekha."

Ndinakhala pansi pomwepo, mabatani ali m'manja. Njinga ija. Nyuzipepala imene amuna anga anasiya kugula, ati mabodza achuluka. Tiyi amene masiku ano amathira chala atachiika pamlomo pa kapu. Chitseko cha galimoto chija, chimene mwina sanaone pogwirira pake.

"Pepala lija," ndinatero.

A Refa anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Chaka chilichonse, tisanalandire chiphaso, timakayezetsa maso. Amakuimika patali n'kukuuza kuti uwerenge zilembo za pakhoma. Tchati chake n'chomwecho chiyambire ine ntchito, mpaka chinachita chikasu. Munthu wofuna atha kuchiloweza."

"Ndiye inu mumadziwa?"

"Ndinkangoganizira. Chaka chatha anandipatsa moni kawiri tsiku limodzi, ngati anthu awiri osiyana." Anapukusa mutu. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka, alamu. Ndi mnzanga."

"Nanga Lachisanu zikathera pati?"

"Umboni wa ziphuphu palibe, ndiye akangowadzudzula basi. Chigamulo cha majaji sichisinthidwa chifukwa choti anthu sanachikonde. Chimafufutidwa pokhapokha ngati analakwitsa pophatikiza mapointi, kapena ngati papezeka chinyengo. Zikatero amalamula kuti amenyanenso." Anatenga golovesi ija n'kuyambanso kumata. "Singano ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Mwayi wa lamba anaudikira zaka zisanu ndi chimodzi, wina sadzaupezanso. Koma izi simunamve kwa ine."

Ndinafika kunyumba dzuwa likadali pamutu. Anali pampando wawo womwewo pabalaza. Ndinaima pakhomo, mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pamene anakhala, n'kutulutsa pepala m'chikwama.

"Ndapeza pepala lanu la m'jekete," ndinatero. "Ngati si la akuba, tawerengani ndimve."

Anawongola msana, kuyang'ana kumene kunali dzanja langa, n'kuyamba. Anawerenga mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chitatu, mosadodoma, mawu ali gwa ngati mwana wa sukulu amene wakonzekera bwino. Atamaliza anamwetulira pang'ono.

"Ndi zoyeserera maso chabe, mayi. Mwaona, ndikuwerenga."

"Bambo," ndinatero, "ili ndi pepala la miyeso ya diresi ya kasitomala. Lanu lili m'chikwama."

Sindinawaonepo amuna anga akuchepa chonchija. Anaika manja pamaondo. Kenako anavula magalasi awo, amene ndikuganiza kuti ankangovalira ulemu, n'kuwaika patebulo.

"Ndi ng'ala," anatero. "Maso onse awiri. Ndimaona anthu ngati ali kuseri kwa katani. Kabudula wofiira ndi wobiriwira ndimasiyanitsa, amene akupita kutsogolo ndimamuona. Zotsalazo makutu amandithandiza. Zaka makumi awiri ndi zitatu, mayi, nkhonya yofika ndimaidziwa kaliridwe kake."

"Mumaidziwa? Mwam'bera mwana wa eni ake lamba ndi makutu anuwo!"

"Sindinalandire kanthu kwa munthu."

"Ndikudziwa!" Ndinakuwa mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. Ndipo zoona zake, mbali ina ya mtima wanga inkavina. Amuna anga sanagulidwe. Ndikanatha kuwakumbatira. Koma mbali inayo inkawira ngati madzi pamoto. "Chiyambire liti?"

"Zaka ziwiri."

"Ndewu zingati?"

Anazengereza. "Khumi ndi zinayi."

"Khumi ndi zinayi! Ndiye bwanji osandiuza? Bwanji osapita kuchipatala? Ng'ala amachotsa, ngakhale azakhali anu anawachotsa!"

"Ndikanapita, zikanalembedwa. Zikalembedwa, bungwe likanadziwa. Ndinkati ndimalize chaka chino ndipume mwaulemu, kenako ndikachotsetse mwakachetechete." "Mayi, kunja kwa mpando uja ine ndine ndani? Ku positi ofesi anandipumitsa, ana anapita. Ndikalowa mu holo muja anthu amaimirira, amati a Jaji afika."

"Pano akuti wakuba wafika."

"Zimenezo zitha. Anthu amaiwala. Lachisanu akandidzudzula, ine ndipepesa kuti ndinaona mosiyana ndi anzanga, basi. Sindidzaweruzanso, ndikulonjeza. Koma ndikanena za tchati chija, andilanda chiphaso pamaso pa anthu, ndewu zonse khumi ndi zinayi azifukula. Dzina langa lithera pomwepo. Chonde, mayi. Sindinakupemphenipo kanthu kakakulu."

Zinali zoona, sanandipemphepo. Munthu uyu anandisamalira nditadwala chaka chathunthu, anandigulira makina anga oyamba osokera. Ndinawauza kuti, "Mukanene nokha. Ndi pakamwa panu pamene pakuyenera kutuluka zimenezi." Lachinayi lonse tinakhala ngati anthu obwereka nyumba imodzi, aliyense akumvetsera mapazi a mnzake.

Lachisanu ndinavala n'kunena kuti ndikupita nawo. Ofesi ya bungwe ili pansanjika yachiwiri, chipinda chaching'ono cha tebulo lalitali ndi fani yolira. Akuluakulu asanu anakhala kutsogolo, wapampando pakati. Ife ena tinakhala pamabenchi kumbuyo: a Refa, atolankhani awiri, Singano ndi mayi ake. Aka kanali koyamba kumuona Singano pafupi chichitikire ndewu ija. Anavala shati yoyera yothina m'khosi, manja ake akuluakulu atawaika pamaondo ngati munthu ali m'tchalitchi. Mayi ake atandiona anasuntha, kusiya malo a anthu awiri pakati pathu.

Wapampando anawerenga makhadi onse atatu raundi ndi raundi. Anati aphatikizanso mapointi ndipo palibe cholakwika. Anati afufuza, afunsa mkulu wokonza masewero, ndipo sanapeze umboni woti wina analandira kanthu. Kenako anatembenukira kwa amuna anga.

"A Jaji, raundi yachisanu ndi chimodzi anzanu onse awiri anapatsa Singano. Inu munapatsa Nyundo. Munaona chiyani?"

"Ndinaona kuti Nyundo ndiye ankaponya zamphamvu, bwana."

Anati ndinaona.

"Chabwino," anatero wapampando. "Maso a jaji ndi a jaji, sitingawalowerere. Tikukudzudzulani kuti khadi lanu linatalikirana kwambiri ndi la anzanu, koma chigamulo chikhala momwemo. Muli ndi choonjezera?"

Ndinayang'ana kumbuyo kwa mutu wawo, imvi zija zimene ndimazimeta ndekha. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi. Nenani, bambo. Nenani.

"Ndilibe, bwana."

Singano anangoweramitsa mutu n'kuyamba kumasula batani la m'khosi, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wafika kunyumba kuchokera ku maliro. Mayi ake anamugwira pamsana.

Sindikumbukira kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangozindikira ndili pakati pa chipinda, pepala la m'jekete lija lili m'manja.

"Pepani akuluakulu, ine ndine mkazi wawo. Amuna anga sanalandire ndalama ya munthu, zimenezo ndikulumbira. Koma musanatseke nkhaniyi, apatseni khadi lawolo awerenge okha zimene analemba."

"Mayi," anatero amuna anga, osatembenuka. Liwu limodzi lokhalo, lotsika.

Wapampando anandiyang'ana, kuyang'ana pepala limene ndinaika patebulo, ndipo ndinaona kuti walizindikira, poti nayenso amayezetsa pa tchati chomwecho. Anakankhira khadi lija kwa amuna anga. Iwo analitenga, kulibweretsa pafupi ndi mphuno, kulipititsa patali, kulitembenuzira kuwindo. Kenako analiika pansi bwinobwino, n'kuliwongola ndi chikhatho.

"Sindingathe, bwana," anatero. "Papita zaka ziwiri."

Zotsatira zake zinatenga ola lathunthu, ndipo sindifuna kuzikumbukira zonse. Chiphaso anawalanda pomwepo. Chigamulo cha Lamlungu anachifufuta, n'kulamula kuti Singano ndi Nyundo adzamenyanenso pasanathe miyezi itatu. Ndewu zina zija anati aziunikanso imodziimodzi. Atolankhani ankalemba ngati manja awo akuyabwa. Potuluka, mayi ake a Singano anaima patsogolo panga, kutsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ine sindinafune kuthokozedwa ndi munthu aliyense, ndinawalambalala.

Amuna anga anatsika masitepe okha, dzanja lili kukhoma. Panja sanandiyang'ane. Anayenda patsogolo, ine pambuyo, ndipo ndinkadziwa kuti mwina sadzandikhululukira mpaka kumanda. Ndinkafuna kuwauza kuti ndinachita chifukwa sindikanatha kugona pafupi ndi bodza limenelo, koma mawu otero pamsewu satuluka bwino.

Tinafika pamsewu waukulu, pamene magalimoto amathamanga mbali zonse ziwiri. Anaima m'mphepete. Anthu anawoloka, iwo ali chiimire. Gulu lina linawoloka, iwo ali pomwepo, mutu atapendeketsa, akumvetsera. Ndinafika n'kuima pambali pawo.

Patapita nthawi ndinamva zala zawo zikufufuza mkono wanga, n'kugwira pachigongono, mwamphamvu mpaka kuwawa.

"Musaganize kuti nkhani yatha," anatero, nkhope ili kutsogolo.

"Sindikuganiza choncho."

"Kukubwera chiyani kumanjaku?"

"Lole. Dikirani idutse."

Tinadikira. Itadutsa ndinati tiyeni, ndipo tinawoloka.